Mukufuna koyenda wapansi kosatopetsa? Tsatirani Mulunguzi ku Zomba

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Chilomoni, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Pa holide ikubwerayi tikufuna tikawongoleko miyendo kunja kwa tawuni, ine, abambo akunyumba, ana awiri ndi apongozi anga omwe bondo limawavuta. Za Sapitwa ayi sitingathe. Tikufuna malo oti pali mtsinje, mthunzi, komanso zinthu zakale zoti ana akaone ndi maso osati zongowerenga m'buku. Tipite kuti?"

Achemwali, pitani ku Zomba basi. Kuchoka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, ndiye mutanyamuka m'mamawa mukamwera tiyi konko. Koma chomwe ndikukuuzani ndi choti musapite ndi mtima wofuna kuona Zomba yense tsiku limodzi, mutopa pachabe ndipo apongoziwo akakudandaulani chaka chonse. Sankhani mtsinje umodzi, Mulunguzi, muziutsatira. Mtsinjewu umayambira pamwamba pa phiri, kudutsa m'nkhalango, kulowa m'damu, kenako n'kutsika mpaka m'tawuni, ndipo zambiri zomwe mwafunsazo zili m'mbali mwake momwemo. Mungougawa pawiri, wam'munsi m'mawa, wapamwamba dzuwa likakwera.

Yambani m'munsi, ku Botanical Gardens. Munda umenewu unayambika mu 1891 ndi katswiri wa zomera dzina lake Alexander Whyte, chaka chomwecho chimene Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, Harry Johnston ali bwanamkubwa woyamba. Poyamba sunali wokongoletsa ayi, ankayeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja kuti aone yomwe ingachite bwino kuno. Lero ndi malo oti mumangoyenda pang'onopang'ono, mitengo italiitali, nsungwi, timilatho tating'ono, madzi akuchita phokoso pamiyala. Pali tizitunda pena ndi pena koma si toti munthu n'kuchita wefuwefu, ndipo agogo akatopa akhala pansi pamthunzi inu n'kuzungulira ndi ana n'kuwapeza pomwepo. Pageti pamakhala kandalama kolowera, tengani ndalama zing'onozing'ono m'thumba, nkhani ya chenji mukuidziwa.

Mukatuluka m'mundamo simuyenda kutali, nyumba zakale za boma zili chapafupi pomwepo m'tsinde mwa phiri. Pali Hotel Masongola, yomwe inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan ngati nyumba ya kazembe wa Britain, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zidakalipo m'dziko muno. Muwaonetse ana tinsanja take tam'makona tija ndi kukhuthala kwa zipupa, kenako muwafunse kuti njerwa zonsezo anaumba ndani, anasenza ndani, poti nthawi imeneyo kunalibe lole. Funso limeneli ine ndimalikonda kuposa kuloweza zaka, chifukwa mabuku amatchula mzungu amene analamula, za anthu amene anaponda dothi ndi kusenza matabwa kuchokera m'phiri amangokhala chete. Chapafupi palinso nyumba yakale ya malamulo. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, ndiye apongozi anuwo mwina akukumbuka nthawi imene wailesi inkaulutsa zokambirana kuchokera kumeneko, asiyeni afotokoze okha, ana amva bwino kuposa kumva kwa inu.

Chenjezo limodzi apa. Zomba ndi tawuni ya asilikali komanso kuli nyumba ya boma, ndiye foni musamangoitukula paliponse. Pafupi ndi State House kapena Cobbe Barracks osajambula. Chipilala cha King's African Rifles, chokumbukira asilikali athu omwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, chili cha kumeneko ku mbali ya msewu wochokera ku Blantyre, mutha kuima pobwera kapena pobwerera, koma funsani kaye musanayambe zithunzi.

Tsopano kukwera phiri. Apa ndipamene anthu ambiri amalakwitsa, amamva za Potato Path n'kuganiza kuti ndi kanjira kosewera. Ayi ndithu, njira imeneyo ndi yoimirira, ndi yomwe anthu akhala akutsikira ndi katundu pamutu kuchokera pamwamba kupita kumsika, ndipo kwa munthu wa bondo lovuta si yoyesa n'komwe. Kwerani pa galimoto, msewu wake ndi wa tara mpaka ku hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri ngakhale uli wokhotakhota, ndipo ngati mwabwera pa minibasi pezani takisi m'tawuni mugwirizane mtengo wopita ndi wobwera musanakwere, komanso nthawi yoti adzakutengeni. Kabaza wa njinga yamoto ndi apongozi pa makona amenewo, ine ayi.

M'njiramo mukumana ndi anyamata atanyamula timbale ta zipatso, masitiroberi, mabulosi, magalagadeya, tina tachikasu tomera tokha m'tchire, kutengera nyengo. Gulani, nenererani pang'ono koma osafinya kwambiri, ndipo mutsuke ndi madzi a m'botolo musanapatse ana. Mukumananso ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi abambo akutsetsereka ndi njinga zodzaza nkhuni, phazi likukhukhuluza pansi m'malo mwa buleki. Oyendetsa galimoto achepetse liwiro pamakona, anthu amenewa sangaime msanga.

Pamwamba ndi pafupifupi mamita 1,800 kuchokera pa nyanja yamchere, nsonga yake ya Malumbe imapitirira 2,000, ndiye kumazizira ngakhale m'tawuni mukutentha. Ulendo wanu wapansi uyambire pa damu la Mulunguzi, lomwe linamalizidwa cha m'ma 2000 ndipo ndi lomwe limamwetsa tawuni ya Zomba. Poti ndi madzi akumwa, zosambamo kapena kutayamo mapepala a bisiketi iwalani. Kuchoka apo kanjira kamatsata mtsinje chokwera pang'onopang'ono, kudutsa pa Mandala Falls, kufika pomwe pali maiwe a nsomba za trout zomwe azungu anabweretsa poti zimafuna madzi ozizira, kenako mpaka ku Williams Falls. Chigawo chimenechi ndiye mtima wa ulendo wonse. Mbali zambiri za phirili ndi paini wobzala, pena odulidwa kale moti pamangooneka zitsa ndi malo opserera, zomvetsa chisoni ndithu, koma m'mphepete mwa mtsinje mitengo yachilengedwe idakalipo, ndipo mukangolowamo mumamva kusintha, mpweya wonyowa, fungo la masamba owola, mizu itapingasa panjira, ndere zobiriwira pamiyala, ndipo mukakhala chete pang'ono mutha kuona anchima akudumpha m'nthambi. Ana auzeni asamakuwe, apo ayi saona kanthu.

Williams Falls si mathithi aakulu oti mpaka kugontha m'khutu, madzi amatsika pamiyala yokhala ngati masitepe n'kupanga kadziwe pansi. Ubwino wake ndi womwewo, mutha kukhala pambali n'kutulutsa kamba wanu, ana n'kuviika mapazi. Madziwo ndi ozizira zedi, ndipo miyala yonyowayo ndi yoterera kuposa mmene imaonekera, ndiye zoti wina akwere pamwamba kuti ajambulitse chithunzi cha pa Facebook mukanize. Kwa apongozi, ngati mwaona kuti bondo layamba kulankhula, galimoto imatha kufika cha ku maiwe a nsomba kuja, akadikire kumeneko kapena ayende kachigawo kakafupi kokha. Kuyenda modekha ndi ana, kupita ndi kubwera, muwerengere maola awiri kapena atatu.

Za operekeza alendo: alipo, mumawapeza cha ku Ku Chawe, ndipo ine ndimati tengani mmodzi. Sikuti njira ya mtsinjeyo ndi yosokoneza kwambiri, koma pamwambapa pali tinjira tambirimbiri ta odula mitengo tofanana tokhatokha, chifunga chikagwa simudziwanso komwe mwachokera, netiweki nayo imabwera n'kupita. Komanso wokuperekezaniyo ndi amene amaona linthumbu lisanakukwereni. Mukaona mzere wakuda wadutsa panjira, dumphani, osaima pomwepo n'kumaitana ana kuti adzaone. Mtengo mugwirizane musananyamuke.

Nthawi ikakhalapo ndipo galimoto yanu ndi yokwera bwino, pitani ku Emperor's View ndi Queen's View. Wapansi kuchokera ku Ku Chawe n'kutali kwa gulu lanuli, ndipo msewu wake ndi wafumbi, wokumbika. Queen's View anaitcha choncho chifukwa cha ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, pomwe Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965, n'chifukwa chake ma Rasta amapakonda pamalopo. Kukakhala kowala mumaona tawuni yonse pansi, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, phiri la Mulanje chapatali. Miyezi ya September ndi October utsi wa moto wolusa umaphimba zonsezi, mumangoona mbuu. Chingwe's Hole ili mbali ina ya phiri, yoyang'ana kuchigwa cha Shire, ndi dzenje lomwe anthu amasimba kuti kale ankaponyamo adani ndi odwala khate. Nkhani yake ndi yokoka koma ulendo uno isiyeni, n'kutali ndipo dzenje lopanda mpanda ndi ana othamangathamanga siziyenderana.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha, mtsinje udakali ndi madzi, kumwamba kuli koyera. Kungoti June ndi July chiperoni chimabwera osagogoda, ndiye juzi aliyense, agogo mpango ndi chitenje chapadera. Nthawi ya dzinja, December mpaka March, phiri limakongola kwambiri koma njira zimaterera ndipo mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mulipo sipanagwe dontho, mvula ikagwa kumtunda basi. Nsapato zikhale zotseka zokhala ndi mapazi ogwira, masilipasi asiyeni m'galimoto. Madzi akumwa, chakudya, ndi jumbo yoti mubweretsemo zinyalala zanu. Apongozi apezereni ndodo, potsika ndi pomwe bondo limapweteka kuposa pokwera.

Mwina mudzafunsa kuti nanga Mulanje bwanji poti naye ali pafupi. Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula ndi lokongola, palibe angatsutse, ndipo phirilo linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025, koma njira yake kuchokera ku ofesi ya zankhalango ndi yokwera pafupifupi ola lathunthu pamiyala, komanso dziwelo ndi lakuya, lamezapo anthu. Limenelo mudzapite ana akakulako, apongozi atatsala kunyumba. Tsiku lina mukadzalowera chapakati, ku Mua ku Dedza nakonso n'koyenera gulu ngati lanuli: mishoni ya 1902, malo a zachikhalidwe a Kungoni omwe anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, ndi mtsinje wa Nadzipokwe uli mmunsi mwake, kuyenda kwake n'kochepa kuposanso kwa ku Zomba.

Pobwerera tsikani phiri isanakwane 4 koloko, makona aja si abwino kukada, ndipo ngati ndi takisi muimbireni dalaivala mukadali pamalo pomwe netiweki ikugwira.