Kodi kukonda mwana kuposa Mulungu ndi tchimo?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti: "Ndili ndi mwana mmodzi yekha, ndinamupeza nditalira zaka zambiri. Kumvano tinawerenga Mateyu 10:37, pamene Yesu akuti wokonda mwana wake kuposa Iye sayenera Iye, ndipo chiyambire tsikulo mtima sukukhala pansi, chifukwa kunena zoona mwanayu ndimamukonda kuposa chilichonse. Mnzanga wachisilamu akuti ndisadandaule, zipembedzo zonse zimaphunzitsa chikondi chimodzimodzi. Kodi n'zoona?"

Mayi, mnzanuyo wakufunirani zabwino, koma apa sindigwirizana naye. Funso lanuli ndi lomwe lagawa anthu opemphera kuyambira kalekale, ndipo kugawikanako sikutsata malire a tchalitchi ndi mzikiti. Kumachitika mkati mwa chipembedzo chilichonse.

Ndiyambe ndi mayi amene mawu ake angakuopseni kwambiri. Rabia wa ku Basra, m'dziko la Iraq, anamwalira cha m'ma 801. Amati anakulira mu ukapolo, ndipo atamasulidwa anakana amuna onse omufunsira. Asufi, Asilamu amene amafuna Mulungu ndi mtima woyaka, amasimba kuti tsiku lina anamuona akuthamanga, dzanja ili muuni, dzanja linalo ndowa ya madzi. Atamufunsa anati akukatentha Paradizo ndi kuzima moto wa Jahena, kuti anthu aleke kupembedza chifukwa cha mphotho kapena mantha. Amasimbanso kuti atafunsidwa ngati amakonda Mtumiki Muhammad anavomera, koma anati chikondi cha Mlengi chadzaza mtima wake moti cholengedwa chilibemo malo. Ine Rabia ndimamulemekeza kwambiri, makamaka masiku ano pamene ambiri tikupemphera ngati tikutsatsana malonda ndi Mulungu. Koma njira yake inali ya munthu wopanda mwamuna, wopanda mwana. Si onse anaitanidwa kuyenda mmenemo.

Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, naye analankhula molimba. Mayi wina wolemera dzina lake Visakha, amene ankathandiza kwambiri amonke, anabwera kwa iye dzuwa lili paliwombo, zovala ndi tsitsi zili chinyowere, mdzukulu wake atamwalira. Buddha anamufunsa ngati angafune ana ndi adzukulu ochuluka ngati anthu a mumzinda wa Savatthi. Iye anati inde. Ndiye anamukumbutsa kuti mumzindamo simupita tsiku opanda maliro, choncho tsitsi lake silikanauma. Wokhala ndi okondedwa 100, anatero, ali ndi zisoni 100. Mawuwa ndi owawa pamaliro, ndipo ine sindingawanene kwa namfedwa. Komabe Buddha yemweyo, pophunzitsa kufunira zabwino zamoyo zonse, sanapeze chitsanzo china choposa mayi woteteza mwana wake mmodzi yekhayo ndi moyo wake. Chimene ankachenjeza ndi kukakamira, kufuna kuti wokondedwayo akhale wathu mpaka kale. Chikondi cha mayicho anachiika ngati muyezo.

Tsono pali gulu lina lalikulu lomwe limaona zinthu mosiyana ndi Rabia. Wolemba ndakatulo wachisufi Jami, amene anamwalira ku Herat mu 1492, anasimba za mnyamata wopita kwa shehe kukapempha njira ya kwa Mulungu. Shehe anamubweza: pita kaye ukakonde munthu, ukatero ubwere. Kwa iye mtima umene sunagwidwepo ndi chikondi cha munthu sungadziwe chimene ukufuna kwa Mulungu. Ayuda ndi Akhristu anafika pamenepa kudzera m'buku la Nyimbo ya Solomo, lodzaza ndi kupsompsonana ndi kufunana usiku. Rabi Akiva, mphunzitsi wakale wachiyuda, anati Malemba onse ndi oyera, koma bukuli ndilo Malo Opatulikitsa. Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wachikhristu wa ku France, analemba maulaliki 86 pa bukuli, ndipo pomwalira mu 1153 anali atangolowa kumene m'mutu wachitatu. Ku India, ena mwa opembedza Krishna, mulungu wa Ahindu, amamukonda ngati khanda lawo, kutsanzira mayi wake womulera Yashoda, ndipo amawerengera chikondi cha kholo ngati njira yeniyeni yofikira kwa Mulungu. Ndikuganiza kuti anthu amenewa angamve imelo yanu msanga kuposa ife tonse.

Nanga vesi lakuvutanilo? Muwerenge mutu wonse wa 10. Yesu akutuma ophunzira ake, akuwauza kuti adzakwapulidwa m'masunagoge ndipo abale adzaperekana ku imfa. Akunena za tsiku limene banja lidzauza munthu kuti asankhe pakati pa iwo ndi choonadi. Sakuika mtima wa mayi pa sikelo kuti aone mbali yolemera. Yesu yemweyo analira pamanda a Lazaro mpaka oonerera anati, taonani mmene anamukondera. Mmene ndikumvera ine, vesili lingakukhudzeni tsiku limene mungabise cholakwa chachikulu cha mwanayo, kunamizira mwana wa mnzanu kuti wanu apulumuke, kapena kupereka chiphuphu kuti alande malo a wina. Kugunda kwa mtima pomumva akutsokomola usiku sikuli m'gulu limenelo.

Pali mkangano wina wa ku China wakale umene umandithandiza. Mozi ankati tikonde anthu onse mofanana, popanda kukondera wachibale. Mencius anakana, nati kutero n'kukhala ngati ulibe bambo. Iye anati yamba ndi kusamala ana ako, kenaka chisamaliro chomwecho chifike kwa ana a ena. Ine ndili mbali ya Mencius, ndipo funso limene ndingakufunseni ndi lake: kodi chikondi cha mwana wanuyu chakutsegulani maso kuona ana ena a pamudzipo, kapena chawatseka? Pa mfundo iyi yokha Akhristu ndi Asilamu amayandikanadi. Mu Mateyu 25 Mfumu ikuti ndinadwala ndipo simunandichezere. M'hadisi ina (mawu a Mtumiki Muhammad) yosungidwa ndi Imam Muslim, Mulungu adzauza munthu pa tsiku lachiweruzo kuti ndinadwala koma sunandizonde. Munthuyo adzadabwa kuti Mwini zolengedwa zonse angadwale bwanji, ndipo adzayankhidwa kuti kapolo wanga uje anadwala, ukanapita kukamuona ukanandipeza pomwepo.