Moto wa ku Kigali si wowotha

Mayi wina amene wangoyamba ntchito ku Kigali wanditumizira imelo. Akuti tsiku loyamba poweruka, mnzake wa mu ofesi anamuuza kuti akwere moto popita kunyumba, iye kukamwa yasa. Atatuluka panja anapeza kuti akunena akabaza a njinga zamoto, aja amakhala ndi chisoti chachiwiri cha wokwera. Funso lake ndi lakuti: poti ifenso timati njinga yamoto, kodi anthu a ku Rwanda anabwereka liwuli kwa ife?

Achemwali, ndikanakonda kuvomera, koma ayi. Mawu awiriwa angofanana nkhope, alibe ubale.

Moto mwakwerawo ndi wa Chifalansa. Mu 1897 abale awiri, Michel ndi Eugène Werner, ankapanga njinga za injini ku Paris n'kuzitcha motocyclette. Dzinalo ndi lalitali, ndiye anthu analidula, n'kutsala moto. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lakuti movere, kusuntha, lomwenso linabala motor. Mulibemo lawi kapena phulusa. Dziko la Rwanda linali m'manja mwa Belgium kufikira 1962, ndipo Chifalansa chinalowera kumeneko. Mukafuna moto weniweni wophikira, funsani umuriro, liwu lomwe Abemba amati umulilo, Azulu umlilo.

Moto wathuwu ndi wakale kwambiri, wa makolo a zinenero za Chibantu. Mswahili amati moto, Mshona moto, Mtumbuka moto. Unaphuka ku mneni amene ife timati kuwotha. Ndiye mukamati "tiyeni tiwothe moto" usiku wa mu June, mwatchula muzu umodzi kawiri. Tikamati njinga yamoto timanena motowu, poona utsi ndi kutentha kwa injini. Afalansa anaona kusuntha, ife tinaona kuyaka, ndipo mwangozi tinakumana pa zilembo zinayi zomwezo.

Chimene chimandisangalatsa ine chili ku Congo, kungowoloka malire kuchokera kumene muliko. M'Chilingala, moto ndi munthu, ambiri ndi bato. Ameneyu ndiye m'bale wathu weniweni, ngakhale sakuoneka choncho: moto ndi munthu, bato ndi anthu, muzu wake ndi -ntu uja wa mu ubuntu ndi umunthu. Komatu m'Chilingala chomwecho, mukakweza mawu kumapeto, moto ndi mutu. Mukakweza kumayambiriro n'kutsegula kukamwa pang'ono, ndi moto woyaka. Papepala ambiri amalemba zonse zitatu chimodzimodzi, mwini chinenero amasiyanitsa ndi khutu.

Ku Japan nakonso kuli moto, kutanthauza tsinde kapena chiyambi. Dzina lakuti Yamamoto ndi patsinde pa phiri. Iwo salilemba n'komwe ndi zilembo zathuzi.

Chikuchititsa n'chiyani? Zilembo za Chilatini zilipo 26 zokha, pomwe zinenero padziko zikupitirira 7,000, ndipo zambiri zimakonda maphatikizo osavuta monga mo, to, ka, ya. Kugundana n'kosapeweka. Kaya wathu wa "kaya, sindikudziwa" ndi mudzi kwa Mtumbuka, pomwe ku Turkey kaya ndi thanthwe. Bola wathu wa "bola moyo" ndi mpira m'Chipwitikizi, ndipo anzathu a ku Lusaka akati akupita ku bola, ndiye kuti ali pa ulendo wa ku bwalo la zamasewero.

N'chifukwa chake sindikhulupirira msanga munthu akandionetsa liwu limodzi lofanana n'kumati Achewa anachokera kwakutikwakuti. Akatswiri amafuna mndandanda wa mawu osintha motsatira lamulo limodzi, ngati munthu ndi moto, anthu ndi bato, komanso mbiri yosonyeza kuti eni zinenerozo anakumanapo. Nsapato tikudziwa kuti ndi sapato wa Apwitikizi chifukwa anakhala zaka mazana ku Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, akuchita malonda ndi makolo athu.

Zoterezi zilinso m'nyumba mwathu momwe. Lembani mtengo papepala mupatse mwana awerenge. Adzakufunsani kuti uti, wa mango kapena wa pamsika.