Kodi nambala ingakhale ya muyaya?

Mphunzitsi wina wa zamakompyuta ku Zomba walemba kuti: "Ndimaphunzitsa Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo ana akasokonezeka ndimalowa m'Chichewa. Ndikafika pa math.isinf ndimangoti 'tikucheka ngati nambalayi ili infinite'. Mnzanga akuti ndiziti 'nambala ya muyaya'. Cholondola n'chiti?"

Aphunzitsi, tiyambe ndi kuchekako. Kwathu timacheka matabwa, timacheka nyama. Nambalayo yakulakwirani chiyani kuti muziicheka? Muziti "tikuona ngati" kapena "tikufufuza ngati", basi.

Mnzanuyo mumuuze kuti muyaya ndi wa nthawi. Timaumva kutchalitchi ndi pamaliro, "mpaka muyaya", ndipo nambala ilibe mawa kapena mkuja. "Yosatha" yayandikirako, koma imandikumbutsa mvula ya mu Febuluwale, chinthu chimene chikungopitirira. Ena angakuuzeni kuti "yosawerengeka". Ayi ndithu. Mchenga wa ku Senga Bay ndi wosawerengeka chifukwa wowerengayo angatope, osati chifukwa ulibe pothera. Miyandamiyanda ndi nkhaninkhani nazonso ndi zochuluka chabe.

Mawu anga ndi malire. Agogo anga ankadzala khonje m'malire a munda, ndipo ndikalima mzere n'kufika pakhonjepo ankati, "Wamaliza, ukapitirira walowa kwa eni." Kuyambira pamenepo palibe angandiuze kuti malire ndi kumaliza si pachibale. Chosangalatsa n'chakuti Achingerezi nawonso anabwereka mawu awowo ku Chilatini, kumene finis ndi malire kapena pothera, ndipo in ndi kukana. Ndiye infinite ndi "wopanda malire" ndendende. Kachizindikiro kaja kooneka ngati 8 wogona, ∞, anayamba kukagwiritsa ntchito motere ndi John Wallis, katswiri wa masamu wa ku England, mu 1655, koma ganizo lake mlimi aliyense wa khonje akhoza kulimva.

Komatu apa pali kachinyengo, ndipo ndi pamene Chichewa chingathandize ana anu kuposa Chingerezi. Kompyuta ilibe chinthu chopanda malire. Float (nambala yokhala ndi kadontho ka desimali) ya mabiti 64, malinga ndi muyezo wa IEEE 754 wa kasungidwe ka manambala otere m'kompyuta umene unatuluka mu 1985, imathera cha pa 1.8e308, nambala ya madijiti 309. Lembani 1e308 * 10 mu Python (1 wotsatana ndi maziro 308, kuchulukitsa ndi 10), ikuyankhani kuti inf, chidule cha infinity. Kodi yankho lenileni lilibe malire? Lili nawo, ndi 1 wotsatana ndi maziro 309. Chachitika n'chakuti ndowa yachepa, madzi asefukira. Choncho ndikanakhala ine m'kalasimo, pa masamu ndikanati "yopanda malire", koma pofotokoza ntchito ya math.isinf ndikanati "tikuona ngati nambalayi yapyola malire". Kupyolako kulinso mbali ziwiri, kumtunda ndi kumunsi, pakuti inf ndi -inf zonse math.isinf imazivomera kuti True.

Muwachenjezenso anawo kuti zinenero za kompyuta sizimvana, ngati ife Achewa ndi anansi athu pa mawu ena. Mukagawa 1 ndi 0 mu JavaScript, chinenero china cha kompyuta, mupeza Infinity, pomwe Python imakana n'kukudzudzulani ndi ZeroDivisionError. Ndipo mukachotsa inf pa inf mupeza nan, kutanthauza "si nambala". Imeneyo math.isinf imaidutsitsa ndi False ngati kuti zonse zili bwino. Wofuna kutsimikiza kuti wagwira nambala yeniyeni afunse math.isfinite, imene imakana zonse ziwiri.

Nanga "float" yo? Ndayesapo "nambala ya kadontho koyendayenda", koma ndisananene kawiri mpweya unandithera. Isiyeni ikhale float. Ana akamati "infi" pocheza sindingawakwapule, poti ndi zimene akuona pasikirini. Koma ndikadzamva kuti ku Zomba kukuchekedwabe manambala, ndibwera ndi sowo kuti mundionetse pomwe mumayambira.