Funsani dokotala wa ziweto: galu akuchucha dovu, nditani?

*A dokotala, ndimakhala ku Chamama. Sabata yatha galu wathu anafika m'mawa akunjenjemera, dovu lili chuchuchu, uku akutsegula m'mimba. Anzanga anati wadya tameki, timumwetse mkaka ndi mafuta ophikira. Tinaterodi, koma anafa dzuwa lisanafike paliwombo. Tinalakwitsa pati?*

Pepani bambo. Zimene mwafotokozazi zikufananadi ndi tameki, kapena mankhwala ena opopera mbewu omwe amagwira thupi mofanana naye, ndipo kuno kolima fodya sasowa pakhomo. Poizoni wotere amasokoneza mitsempha. Galu amachucha dovu ndi misozi, amakodza, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu ikugwedezeka yokha, ndipo kamwana ka m'diso kamachepa ngati kadontho. Chimene chimamupha n'kubanika, chifukwa njira za mpweya zimadzaza madzi.

Mkaka supha poizoni. Mafuta ndiye amaonjezera mavuto, pakuti galu wonjenjemera sameza bwino, ndipo zomwe mukumuthira m'kamwazo zimalowera kumapapo. Ena amamumwetsa madzi a mchere wambiri kuti asanze, osadziwa kuti mcherewo paokha ungamuphe. Makala a pambaula nawonso si makala aja okonzedwa mwapadera omwe timagwiritsa ntchito pokoka poizoni m'mimba.

Chimene chimapulumutsa galu wa tameki ndi jakisoni wa atropine, ndipo amafunika msanga. Nthawi imene munathera kugolosale kukagula mkaka inali yoimbira mlangizi wa ziweto wa dera lanu kapena kuyamba ulendo wopita ku vetenale. Nambala ya mlangiziyo ikhale mufoni mwanu kuyambira lero. Ponyamula galuyo valani majumbo m'manja, mumugoneke cham'mbali mutu utatsikirako kuti dovu lizituluka, ndipo ngati mwapeza paketi ya mankhwala kapena nyama yomwe anadya, ikulungeni mupite nayo. Masanzi ake ndi mtembo wake muzikwirire mozama. Nkhuku zikatola pamenepo, maliro amafalikira khola lonse.

Pali mtundu wina wa mankhwala a makoswe womwe suonekera tsiku lomwelo. Galu kapena mphaka amakhala bwinobwino masiku 3 mpaka 5, kenaka n'kufooka, nkhama zitayera, magazi akutuluka m'mphuno kapena m'chimbudzi. Mukamuona akudya mankhwala otere musadikire zizindikiro. Mankhwala ake ndi vitamini K1, ndipo amamwa kwa masabata angapo.

Koma ndisakubisireni chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu. Munatsegula kukamwa kwa galu wochucha dovu ndi manja anu. Dovu silibwera ndi tameki yekha, limabweranso ndi chiwewe. Anthu ambiri amadziwa chiwewe cholusa chija, galu wongoluma chilichonse. Chilipo china chofatsa: galu amangoti phee, chibwano chili lende, akulephera kumeza, kuoneka ngati fupa lamuima pakhosi. Mwini wake mwachifundo amapisa dzanja kuti achotse fupalo, fupa kulibe, malovu n'kulowa pakachilonda ka pachala. Zanu zikuoneka za poizoni chifukwa zinayamba mwadzidzidzi ndipo zinatha maola ochepa, pomwe chiwewe chimatenga masiku. Komabe ngati galuyo sanabayidwe katemera ndipo wina anakandika ndi mano ake kapena anali ndi bala padzanja, apite kuchipatala akafotokoze. Amene muli kufupi ndi nkhalango ya Kasungu, kumene agalu amakumana ndi nkhandwe ndi afisi, nkhaniyi musamaitenge mwachibwana.

*Ndine mayi wa ku Chinkhoma. Galu wathu anagundidwa ndi njinga yamoto pamsewu wa M1. Mwana wanga pofuna kumunyamula analumidwa padzanja, chonsecho galuyu ndi wofatsa. Mwendo wa galuyo ukulendewera ndipo pali bala. Apongozi akuti tithirepo oyilo wakuda.*

Mayi, tiyambe ndi mwanayo. Bala lolumidwa ndi galu limatsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mochita kuthira madziwo kuti aziyenda, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati simunapite, pitani lero, mutenge ndi kapepala ka katemera wa galuyo ngati kalipo. Galuyo musamuphe kapena kumutaya. Mumusunge pamalo amodzi masiku 10, a vetenale azimuona, chifukwa mmene akhalire pamasiku amenewa zimathandiza achipatala kudziwa chochita ndi mwana wanu.

Galu womva ululu sadziwa mbuye wake. Musanamugwire, ng'ambani kansalu ka chitenje, mukulunge pakamwa pake kawiri, mumange pansi pa chibwano, nsonga zake mukamangire kumbuyo kwa makutu. Osamumanga chotere ngati akusanza kapena akupuma movutikira. Mphaka samangika pakamwa; mufunditseni thaulo kapena chitenje thupi lonse n'kumuika mukatoni.

Pamene pakutuluka magazi, kanikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsaluyo ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Mwendo wothyoka musauwongole, mungomukokera galuyo pathabwa kapena pathumba, anthu awiri n'kunyamula. Tukulani mlomo muone nkhama: zikakhala zofiirira ndi bwino, zikayera ngati pepala ndiye kuti mwina akutaya magazi m'kati, ngakhale kunja kusakuoneka kanthu.

Apongoziwo muwayankhe mwaulemu kuti oyilo wakuda amawotcha mnofu, ndipo galu akamanyambita amadwala nawo. Tsukani balalo ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita mutasungunulamo kasupuni kamodzi kakang'ono ka mchere, kawiri patsiku, ndipo muzitchinga ntchentche zingaikiremo mphutsi. Mwendowo ndiye ukufunika dokotala auone.

*Mphaka wanga ku Santhe akuoneka kuti ali ndi malungo, sakudya. Ndingamupatse theka la Panado?*

Ayi, ngakhale kachidutswa. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol ngati chathu. Magazi ake amaleka kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo piritsi limodzi limakwana kumupha. Brufen nayenso amaboola chifu ndi kuononga impso za agalu ndi amphaka omwe. Dziwaninso kuti thupi la mphaka ndi lotentha kale kuposa lathu, madigiri 38 mpaka 39, ndiye kumukhudza kokha kungakunamizeni. Muikireni madzi pafupi, ndipo akatha masiku awiri osadya mupite naye. Poti tili pa amphaka: dipi wa ng'ombe kapena mankhwala a nkhupakupa a agalu musamusambitse nawo. Zikachitika mwangozi, mutsukeni ndi sopo ndi madzi ofunda, inu mutavala majumbo.

*Tikusosa m'munda ku Nkhamenya galu analumidwa ndi mphiri pamphuno, nkhope yonse inatupa. Kutema mphini kumathandiza?*

Sikuthandiza, kumangoonjezera bala pamalo omwe ululu wa mphiri ukuwononga kale mnofu. Osatema, osayamwa, osamanga ndi lamba. Muvuleni chingwe cha m'khosi kutupa kusanafike pamenepo, ndipo mumunyamule, asayende yekha, pakuti kuthamanga kumafulumizitsa ululu m'thupi. Choopsa polumidwa kunkhope n'chakuti kutupako kungatseke njira ya mpweya, choncho pitani naye ku vetenale ngakhale akuoneka wamphamvu. Njokayo musalimbane nayo kuti muiphe mukationetse, kungotiuza maonekedwe ake n'kokwanira. Ikakhala njoka ija yolavulira m'maso, thirani madzi oyera m'diso la galuyo kwa mphindi 15 mpaka 20 musananyamuke, wina atamugwira mutu kuti asadzikande.