Kodi pulogalamu ingamatseguke yokha ndikayatsa kompyuta?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti m'mawa uliwonse akayatsa kompyuta yawo ya Windows 10 amayenera kutsegula pulogalamu yomwe amalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, koma masiku ena amaiwala mpaka ntchito itawathina. Afunsa kuti: "Palibe njira yoti izitseguka yokha?"

Ilipo mayi, ndipo simufunika kuika pulogalamu ina yowonjezera. Windows ili ndi foda yotchedwa Startup, ndipo chilichonse chomwe chili m'menemo chimatseguka mukangolowa mu akaunti yanu. Dinani batani la Windows limodzi ndi R. Kabokosi katuluka pansi chakumanzere. Lembanimo shell:startup, mudine Enter. Foda ikatseguka mwina mupeza mulibe kanthu, musadandaule.

Apa ndiye pomwe ambiri amaphonya. M'fodamo muikemo shortcut ya pulogalamuyo (kachizindikiro kongolozera komwe pulogalamu ili), osati pulogalamu yeniyeniyo. Ndinaonapo munthu atasamutsa fayilo ya .exe, yomwe ndi pulogalamu yeniyeniyo, kuichotsa pamalo pake, basi pulogalamu n'kukaniratu kutseguka chifukwa mafayilo omwe imadalira anatsala kuja. Shortcut mudzaizindikira ndi kamuvi kakang'ono kokhota pakona ya chizindikiro chake. Ngati ili pa desktop, ikopereni mukaimate mu Startup. Ngati simukuiona, lembani shell:AppsFolder m'kabokosi komwe kaja, mukoke chizindikiro cha pulogalamu yanu n'kukachisiya mu Startup. Windows ipanga yokha shortcut.

Dziwani kuti pulogalamuyo siyamba pomwe mwadina batani loyatsira. Imadikira kuti mulembe pasiwedi kaye, ndipo nthawi zina imachedwako masekondi angapo. Ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito anthu angapo ndipo mukufuna izitsegukira aliyense, lembani shell:common startup m'malo mwake.

Pali mapulogalamu ena omwe amafunsa chilolezo cha administrator (woyang'anira kompyuta) nthawi zonse akamatseguka. Amenewa ngakhale muwaike mu Startup amangokhala chete, Windows imawaletsa. Kwa iwowa tsegulani Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yotsegula zinthu pa nthawi yomwe mwaiuza, musankhe Create Task, muchonge pa "Run with highest privileges", ndipo pa Triggers musankhe "At log on". Pomwepo mungathenso kuiuza kuti idikire mphindi imodzi, zomwe zimathandiza kwambiri ngati pulogalamuyo imafuna intaneti ikhale italumikizika kale.

Omwe muli ndi kompyuta ya Mac, kuyambira macOS Ventura ya 2022, pitani ku System Settings, General, kenako Login Items (kuyambira macOS Sequoia ya 2024 amalemba kuti Login Items & Extensions).

Chomwe ndikupemphani mayi n'chakuti musatengeke n'kudzaza fodayo. Pulogalamu iliyonse yoyamba yokha imadya RAM (malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo), ndipo kompyuta yakale imayamba kukwawa. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, mupite pa Startup mu Task Manager yomwe itsegukeyo. Mudzapeza mapulogalamu omwe anadziikamo okha osakufunsani, ena atalembedwa kuti "High" pa Startup impact. Omwe simuwafuna m'mawa adinireni Disable, sachotsedwa ayi. Koma antivirus yanu musaikhudze.