Matayala a chikale pa Honda ya malemu bambo anu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa konkuno ku Chipata, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Akuti bambo ake anali alangizi a zaulimi, ndiye atamwalira anasiya njinga yamoto ya Honda CG125 yomwe yakhala zaka zambiri m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba itafunditsidwa masaka. Iye waitulutsa, injini yalira, thanki yapentedwa, manje chatsala ndi matayala. Pa akalewo akuti palembedwa 2.75-18 kutsogolo ndi 3.00-18 kumbuyo. Waona pa Facebook njinga zakale zitavala matayala onenepa a mano okhotakhota ngati a sowo ndipo mtima wake wagwera pomwepo, komanso pali munthu wina akumutsatsa matayala awiri omwe akuti sanayendepo, akhala chisungire kuyambira kalekale. Funso lake nlakuti agule ati kuti njingayi ioneke momwe inkaonekera bambo akuikwera, poti akufuna adzapite nayo ku Mtenguleni pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala.

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya bambo, ndipo mwachita bwino kusaigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. CG125 si njinga wamba ai. Honda anaitulutsa mu 1975 ataona momwe anthu a maiko ngati athu ano amagwiritsira ntchito njinga zamoto, kunyamula katundu wambiri, fumbi, oilo osasintha pa nthawi yake, ndiye anapanga injini yopirira zonsezo. Nchifukwa chake yanuyo yalira olo yagona zaka zonsezi.

Koma injini ikhoza kugona nkudzuka, mphira sudzuka. Ndiyambire pomwepo chifukwa ndi pamene pandidetsa nkhawa kwambiri mu imelo yanu. Matayala awiri akutsatsidwawo musagule, olo mtengo ukhale wotsika bwanji, olo mano ake akhale athunthu. Tayala limakalamba lili chikhalire. Mafuta omwe amafewetsa mphira amauma pang'onopang'ono, ndiye ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala, pansi pa malata, zimachita msanga. Kunja limaoneka bwino koma lauma gwa, ndipo tayala louma siligwira phula, makamaka phula lonyowa.

Pali njira yodziwira zaka za tayala ndipo sifuna makaniko. Yang'anani m'mbali mwake pamene palembedwa DOT, kumapeto kwa zilembo zimenezo pali manambala anayi, nthawi zambiri amakhala m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 3522 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 mu 2022. Mukapeza manambala atatu chabe, tayalalo ndi la kale chisanafike chaka cha 2000, loyenera kudzalamo maluwa basi. Opanga matayala ambiri amati likadutsa zaka 5 muziliyang'anitsitsa chaka ndi chaka, likafika zaka 10 lichoke olo mano akadalipo. Ine pogula sindilola loposa zaka ziwiri chipangidwire, poti ndikufuna zaka zabwinozo ndizidye ine osati shelefu ya mu shopu.

Izi sindinaziwerenge chabe. Zaka zapitazo ndinagula tayala lakutsogolo pa shopu ina muno mtauni, linali lokongola, la mizere yoongoka ngati ya kale ija, timaubweya ta mphira tikadalipo. Manambala aja sindinayang'ane. Tsiku lina mvula yoyamba itangowaza, ija imangonyowetsa fumbi pamwamba pa phula osalitsuka, ndinagwira buleki yakutsogolo pang'ono chabe ndikutsetsereka pa kona, liwiro silinali lalikulu nkomwe, njinga inangochoka pansi panga. Chigongono chinasupuka mpaka lero chipsera chilipo. Nditafika kunyumba ndinakanikiza chikhadabo pa mano a tayalalo, sichinalowe olo pang'ono, ngati ndikukanda chigubu cha pulasitiki. Nditalipinda ndi manja ndinaona timing'alu tating'onoting'ono tambirimbiri pansi pa mizere, tosaoneka likakhala lopopa. Linali ndi zaka zoposa 10. Kuyambira pamenepo chikhadabo changa chimayamba chalowa mu mphira ndisanatulutse ndalama, tayala labwino limalola chikhadabo nkubwerera pomwepo.

Manje za a mano a sowo aja. Ndikumvetsa chifukwa chake mwawakonda, pa chithunzi amakongola zedi. Maonekedwe amenewo anachokera ku matayala akale a Firestone a ku America, ndipo lero pali makampani ngati Shinko omwe amapanga ofanana nawo. Koma taganizani njinga zomwe anapangira, zinali zikuluzikulu zolemera ngati Harley-Davidson ndi Indian, zoyenda mosapendekeka kwambiri pa kona. Nchifukwa chake ambiri mwa matayala amenewa amabwera m'masayizi ngati 4.00-18, 4.50-18 kapena 5.00-16, ndipo pamwamba pake ndi pafulati, m'mbali nkugwa mwadzidzidzi. Njinga yamoto imakhota mopendekeka, imafuna tayala lozungulira bwino kuti mukapendekeka mphira upitirize kugwira pansi. Lafulati limakana kupendekeka kenako limagwera mbali kamodzinkamodzi, ndipo mano aataliwo amagwedera ngati mukuyenda pa matiresi.

Ndiye pali nkhani ya malo. Nambala yoyamba ija, 3.00, ndi kunenepa kwa tayala m'mainchi, yachiwiri 18 ndi kukula kwa rimu. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Mukachoka pa 3.00 kupita pa 4.00 mwaonjezera inchi yathunthu m'lifupi, komanso tayala limatalika, ndipo kumbuyo kwa CG kulibe malo otero, likhudza chotchingira tcheni kapena madigadi, makamaka mukakweza munthu ma shoko akaphwa. Rimu ya CG ndi yopyapyala, tayala lonenepa mukalikakamiza pamenepo limafinyika m'munsi nkutumphuka pamwamba, ndiye gawo logwira pansi limachepa m'malo mochuluka. Onjezani kulemera kwake. Injini yanu ili ndi mphamvu ya mahatchi pafupifupi 11 basi, mabuleki ndi a dramu, mukaipatsa nsapato zolemera mudzaimva ikulira pa zitunda zathu zino, ndipo mukudziwa Chipata ndi mapiri okhaokha.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi achimwene. Mwati mukufuna ioneke momwe bambo ankayendera. Bambo sanayendepo pa matayala a mano a sowo. Njinga za nthawi imeneyo, kaya Honda za alangizi ndi a zaumoyo, kaya BSA ndi Triumph zomwe zinkabwera kale tauni ino ikutchedwa Fort Jameson, zambiri zinkavala chimodzimodzi, kutsogolo tayala lopyapyala la mizere yoongoka yozungulira tayala lonse, kumbuyo la timabokosi. Mizere yoongoka imathandiza kuti chiongolero chisamayendeyende, timabokosi timakankha. Ku England maina odziwika anali Avon Speedmaster kutsogolo ndi Avon SM kumbuyo, komanso Dunlop K70 ya timabokosi yomwe inkavala pa Triumph zambiri. Inalipo ina Dunlop K81, yomwe anaitcha TT100 Malcolm Uphill atazungulira njira ya mpikisano wa ku Isle of Man pa liwiro la mamailosi 100 pa ola ali pa Triumph Bonneville mu 1969. Ku Germany kuli Heidenau omwe amapangabe masayizi akale a mainchi ndi mphira wamasiku ano. Onsewa ndi abwino, koma kuti afike kuno muyenera kuitanitsa kunja, mulipire ndege kapena basi, mulipire msonkho, ndipo tsiku lomwe lidzang'ambike ndi mwala kumudzi mudzadikira masabata.

Pamene maonekedwe omwewo ali pompano. CG125 inakopedwa kwambiri ndi makampani a ku China, njinga zambiri zomwe zikuyenda m'misewu muno ndi zidzukulu zake, ndiye 2.75-18 ya mizere ndi 3.00-18 ya timabokosi zikupangidwabe mpaka lero, ndipo poti anyamata onyamula anthu amagula tsiku ndi tsiku, katundu sakhalitsa pa shelefu. Yendani m'mashopu a masipeya ku Down Shops ndi cha ku Kapata, funsani maina odziwika monga MRF, CEAT ndi TVS a ku India, kapena Kenda, Duro ndi CST. Ngati muli ndi ulendo wa ku Lilongwe kudzera pa Mwami mukhoza kuyang'anakonso, ndi kufupi kusiyana ndi Lusaka. Lopanda dzina lomveka, lopanda manambala a sabata ndi chaka, lisiyeni olo akuuzeni kuti ndi orijino.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi pogula. Njinga za Boxer zomwe zadzaza tauni ino zimavala rimu ya 17, ndiye ogulitsa ena dzanja limangothamangira pa 17. Tayala la 17 silingalowe pa rimu ya 18, werengani nokha musanachoke pa kauntala. Mwina akupatsani lolembedwa mwa mtundu watsopano, 80/90-18 m'malo mwa 2.75-18 kapena 90/90-18 m'malo mwa 3.00-18, amenewo amayandikana ndipo amakwana, koma amaoneka ofupikirako ndi otambalala, ndiye poti inu mukufuna chikale chenicheni limbikirani a mainchi.

Pambali pa sayizi pamakhala kanambala ndi chilembo, mwachitsanzo 42P kapena 52P. Nambala ndi katundu yemwe tayala lingasenze, 42 ndi makilo 150, 47 ndi makilo 175, 52 ndi makilo 200. Chilembo ndi liwiro, L ndi makilomita 120 pa ola, P ndi 150, zonsezo CG siingazifike ndiye musavutike nazo. Katunduyo ndiye muganizire. Ndikudziwa lero mukuti njingayi ndi yongokumbukira bambo, koma tsiku lina amayi adzati tandiperekeza kumunda, pobwera pali thumba la nshawa pa keriya. Kumbuyo tengani lolembedwa 6PR, ndi lolimbirako m'mbali kuposa 4PR ndipo limapirira miyala ya m'misewu yafumbi ngati ya cha ku Chadiza ndi Vubwi.

Ndiye chubu. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama zomwe apulumutsa. Rimu ya masipoko imafuna chubu basi, mpweya umathawira m'mabowo a masipoko. Chubu cha bambo chija chatanuka, mukachiika m'tayala latsopano chimapindika mkati, pomwe chapindika pamatentha nkuphulika, ndipo kuphulika kwa chubu chakutsogolo si ngati kuphwa pang'onopang'ono, mpweya umatha nthawi imodzi. Gulani machubu awiri atsopano a sayizi yolembedwa pa tayala. Makaniko akachotsa tayala lakale musachoke, imani pomwepo muone mkati mwa rimu. Pali kalamba ka mphira kophimba mitu ya masipoko, pa njinga yogona chonchi mudzapeza kaduka kapena kamatirira ku dzimbiri. Kachotseni, palani dzimbiri ndi burashi ya waya mpaka chala chiziyenda osakodwa, ikani katsopano. Dzimbiri likakhala kuti ladya mpaka chitsulo chapyapyala cha m'mphepete, rimu imeneyo yatha ntchito, ndi bwino kumva kuwawa kwa kugula ina. Gogodani masipoko limodzilimodzi ndi sipanala, lolimba limalira ngwee, lomasuka limangoti phu, amenewo amangidwe wilo lisanavale tayala.

Poika, onani kamuvi kali m'mbali mwa tayala, kaloze komwe wilo limazungulira njinga ikamapita kutsogolo. Akapopa, pali kamzere kozungulira tayala pafupi ndi mlomo wa rimu, kazioneka mofanana kuzungulira konse mbali zonse ziwiri, kakabisala pena ndiye kuti silinakhale bwino, aphwetse apake madzi a sopo apopenso. Mpweya pa CG ndi pafupifupi 25 psi kutsogolo ndi 28 mpaka 32 kumbuyo malinga ndi katundu, koma ngati kasitika ka Honda kakadalipo pa chotchingira tcheni tsatirani kameneko. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, osati kufinya ndi chala monga timachitira pa njinga yakapalasa.

Nc'wala imachitika kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo tayala latsopano limakhala loterera pamwamba mpaka litayendako makilomita 100 kapena 150. Ndiye musadikire sabata ya mwambo. Ikani mu Januwale, masiku omwe kwacha bwino muziyenda pang'onopang'ono kupita cha ku Mwami nkubwerera, mukupendekeka pa makona mochulukirachulukira kuti m'mbali namonso mupalike. Tsiku lenilenilo Great East Road imadzaza mabasi ndi malole a anthu, ndipo mukapatuka pa phula kulowera ku bwalo mudzakumana ndi matope opondedwapondedwa, pamenepo khalani pa giya yachiwiri, buleki yakutsogolo muigwire mofatsa, timabokosi ta kumbuyo tigwire ntchito yake. Mukadzabwerako nditumizireni chithunzi chake, ndikufuna ndione thanki mwaipenta mtundu wanji.