Za mng'ono wanu amene akukakhala masiku 10 osayankhula

Asisi mwati mng'ono wanu ku Cape Town walembetsa kosi ya masiku 10 komwe amasungitsa foni ndipo munthu sayankhula, ndiye mukuopa kuti mwina ndi zausataniki. Mtima pansi kaye, imeneyo ndi Vipassana, njira ina yosinkhasinkha, ine ndinakhalapo kamodzi ndipo ndinabwerako bwinobwino kkkk. Mwina akupita ku Worcester, tauni ina kufupi ndi Cape Town, malo awo ali kumeneko.

Anaifalitsa ndi bambo wina wachimwenye dzina lake S. N. Goenka. Anabadwira ku Mandalay m'dziko la Burma mu 1924, anali mpondamatiki wabizinesi koma mutu waching'alang'ala unkamusowetsa mtendere mpaka madokotala ankangomubaya morphine. Mnzake ndi amene anamulozera kwa U Ba Khin, mkulu wowerengera ndalama za boma yemwe ankaphunzitsanso kusinkhasinkha, ndipo chondisangalatsa n'choti mkuluyo poyamba anamukana atamva kuti wangobwera chifukwa cha mutuwo basi. Kenako anamulandira, Goenka anaphunzira kwa iye zaka 14, mu 1969 anapita ku India n'kuchititsa kosi yoyamba ku Mumbai, makolo ake ali momwemo. Mu 1994 anaphunzitsa akaidi pafupifupi 1000 pakamodzi kundende ya Tihar ku Delhi. Anamwalira mu 2013.

Zochitika zake ndi izi, belu limalira 4 koloko m'bandakucha, masiku atatu oyamba umangomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mphuno, palibenso china. Tsiku lachinayi umayamba kuyendetsa maganizo kuchokera paliwombo mpaka kuzala zakuphazi. Ine bondo linkandiwawa ngati muli msomali, kumsana kukuyabwa, mtima ukuti kanda kanda, koma amati ingoyang'ana usakande usakwiye. Ndiye patapita nthawi kuyabwa kuja kunangozimiririka kokha, ndinadabwa eti. Goenka ankati zonse zimabwera n'kupita, anicca m'chiyankhulo chakale cha Pali, ndipo chimatizunza n'kukakamira zokoma ndi kudana ndi zowawa.

Koma ndisakunamizeni, njirayi inachokera kwa Buddha, mawu a Goenka amamveka pa sipika akuyimba m'chi Pali, madzulo mumaonera vidiyo yake. Iye ankanena kuti sakutembenuza munthu chipembedzo ndipo ine palibe anandiuza kuti ndisiye tchalitchi, komabe amapempha kuti pamasiku 10 amenewo uyimitse kaye mapemphero ndi miyambo yako, ndiye ngati kwanu ndi anthu opemphera kwambiri pamenepo mpamene mukambirane naye, osati zomuopseza ndi satana ayi. Ndalama salipiritsa, chakudya ndi pogona zimachokera kwa amene anamaliza kale, ukafuna umaperekako pomaliza.

Ngati mng'ono wanuyo anadwalapo matenda amaganizo alembe zoona pa fomu yolembetsera, kukhala chete masiku onsewo kumavundula zambiri. Mumuuzenso akusiyireni nambala ya ofesi yakumeneko asanapereke foni, kuti kukagwa zadzidzidzi kumudzi muthe kumupeza.